Zilembo Ziwiri za Mayi a Zipi

Pakhonde la sitolo ya nsapato, moyang'anana ndi depoti ya mabasi, pankakhala mayi wina wosoka amene anthu ankangowatchula kuti Mayi a Zipi. Madiresi ankasoka ndithu, mayunifolomu a ana asukulu ankasokanso, koma chimene anatchuka nacho chinali zipi. Chikwama chikakana kutseka basi ili pafupi kunyamuka, kapena buluku likafuna kuchititsa mwini wake manyazi pagulu, munthu ankathamangira pakhondepo. Iwo ankangoyang'ana kamodzi, n'kutenga kapulayala kawo, kufinya apa, kupaka kandulo apo, zipi ija n'kuyamba kuyenda myaa ngati yogula lero.

"Musamaikoke ngati mwayambana nayo," ankatero pobweza chikwamacho.

Amuna awo anamwalira ana akadali aang'ono, ndipo makina osokera omwewo ndiwo analera ana awiriwo. Wamkulu anali wamkazi. Anaphunzira mpaka kukhala namwino pachipatala chachikulu, moti pakhomo ponse, ngakhale mayi ake omwe, anazolowera kumangomuitana kuti Namwino. Anali munthu wosasunga mawu kukhosi. Wamng'ono, wamwamuna, ankatchedwa Mawaya, poti chilichonse chokhala ndi waya m'nyumbamo ankachimasula kuti aone za m'kati. Wailesi ya malemu bambo ake inafera m'manja mwake kangapo, ndipo si nthawi zonse pamene inkauka.

Atakula anayamba ntchito yokonza mafoni, ndipo ndi iyeyo amene anawatsegulira mayi ake imelo. Tsiku lina masana anabwera pakhonde paja ndi foni yakale yong'aluka pakona, nakhala pa mulu wa nsalu.

"Amayi, iyi ndi yanu. Muli adiresi yanu m'menemu. Tanenani pambuyo panga."

Anawanenetsa ngati mwana wasukulu: dzina lawo lija la zipi, kachizindikiro kopindika ngati nkhono, dzina la kampani ya mafoni, kadontho, kenaka zilembo ziwiri.

"Nanga tiwiri ta kumapetoti n'ta chiyani?" anafunsa mayiwo, ulusi uli pakamwa.

"Limenelo ndiye dziko lathu. Dziko lililonse lili ndi zilembo zake ziwiri. Munthu akakulemberani ali kutsidya kwa nyanja, makina amayamba ayang'ana timeneti, n'kudziwa kuti katunduyu ndi wopita kwathu kuno."

"Iwe, angandilembere ndani ine kutsidya kwa nyanja? Kumeneko kulibe okonza zipi?"

"Ndizikulemberani ndine, ine ndili kuchipinda inu muli pabalaza," anatero Mawaya, onse n'kuseka.

Patapita zaka zochepa m'dzikomo munabuka zipolowe. Zinayamba ngati mkangano wa akuluakulu pa wailesi, kenaka zinatsikira m'misewu. Magulu omenyana ankagwira anyamata paliponse, pamsika, pamzere wodikira basi, n'kuwapatsa mfuti. Anzake a Mawaya atayamba kutengedwa mmodzimmodzi, mayi ake ndiwo anamuuza kuti athawe. Anamusokera kathumba kobisika m'kati mwa jekete, namuperekeza mpaka pamene panaima lole. Anaimirira pamenepo nkhope ili gwa, akumubayibitsa, mpaka loleyo itakhota.

Foni yake anamulanda pamalire. Kuyambira pamenepo ankalemba pobwereka, lero pa foni ya dalaivala, mwezi wamawa pa kompyuta ya m'sitolo ina. Nambala za anthu zinapita ndi foni ija, koma adiresi ya mayi ake inali m'mutu, poti anaipanga yekha. Mauthenga ake anali aafupi. Ndili bwino. Ndikutsuka magalimoto. Kuno kumazizira, jekete ija ikuthandiza. Mundiperekere moni kwa achemwali, muwauze achepetse ukali. Womaliza unachokera kudoko lina: "Amayi, mawa tikwera boti. Ndikafika ndikulemberani pomwe pano. Musasinthe adiresi."

Sanalembenso.

Zipolowe zitatha, akuluakulu anagwirizana kuti dzikolo liphatikizidwe ndi dziko loyandikana nalo, likhale limodzi, la dzina latsopano. Mbendera inasintha. Nambala za mafoni zinasintha. Misewu inapatsidwa maina ena, moti okalamba ankasochera mumzinda umene anabadwiramo. Mdadada wa nyumba umene Mayi a Zipi ankakhalamo unagwetsedwa kuti padutse msewu waukulu, ndipo iwo anasamukira kwa Namwino, m'nyumba yosanja, m'chipinda chimene zenera lake linkayang'ana khoma la nyumba ina. Ngakhale depoti inasamutsidwa, iwo n'kuitsatira ndi makina awo pa wilibala. Pa zonse zimene Mawaya anasiya akuzidziwa, chimene chinatsala pamalo pake chinali adiresi ija basi.

M'mawa uliwonse, asanalowetse ulusi pa makina, ankatsegula foni. Makalata ankabwera ndithu, koma a anthu osawadziwa: wina akugulitsa mankhwala omeretsa tsitsi, wina akuti mwapambana galimoto.

"Ndapambananso galimoto lero," ankamuuza bambo wosoka nsapato amene ankakhala naye khonde limodzi.

"Mwachulukitsa, mayi. Imodzi mutigawireko ife oyenda pansi."

Ankaseka, foni n'kubwerera m'thumba la epuloni, makina n'kuyamba kulira.

Tsiku lina kunabwera kalata yaitali, yolembedwa m'chinenero cha m'maofesi. Zambiri sanazimve, koma anaona zilembo ziwiri zija zikubwerezedwabwerezedwa. Madzulo anampatsa foniyo Namwino, amene anali atangovula nsapato za kuntchito, mapazi ali m'beseni la madzi ofunda. Namwino anawerenga mpaka pansi, nabwereranso pamwamba.

"Akuti ma adiresi onse othera ndi zilembo zakalezi atsekedwa, chifukwa dziko la zilembozi kulibenso. Aliyense atsegule adiresi yatsopano. Musadandaule, ndikutsegulirani, n'zosavuta. Ife kuchipatala tinasintha kale."

"Nanga yakaleyi?"

"Ifa."

"Mlongo wako akalemba?"

Namwino anayang'ana madzi a m'beseni. "Amayi..."

"Ndakufunsa. Akalemba, kalatayo ipita kuti?"

"Ibwerera kwa iye."

Pansi pa kalatayo panali dzina la ofesi imene inaitumiza. M'mawa mwake Mayi a Zipi anafunditsa makina awo nsalu, namuuza wosoka nsapato kuti awayang'anire, n'kuuyatsa ulendo.

Ofesiyo inali m'nyumba yakale ya kampani ya mafoni, pamwamba penipeni, ndipo chikepe chinali chakufa. Mlonda wa pageti anangoti, "Mukafunse a Makiyi." Mayiwo anakwera masitepe akupumira pakona iliyonse. Kumapeto kwa kanjira kamdima anapeza chitseko chotsegula. M'katimo munali tebulo limodzi, mipando iwiri yosafanana, ketulo, ndi bambo wachikulire wovala juzi ngakhale kunja dzuwa linali kuswa mtengo. Palamba pawo pankalendewera mulu wa makiyi.

"Juziyi musadabwe nayo, mayi," anatero bamboyo powapatsa mpando. "Ana angawa amafuna kozizira." Analoza chitseko chagalasi. Kuseri kwake kunaima makabati achitsulo aataliatali, odzaza timagetsi tophethira, akulira chapansipansi ngati njuchi.

Mayi a Zipi anafotokoza zonse, kuyambira pa lole mpaka pa boti. A Makiyi anamvetsera atagwira chibwano, osawadula mawu.

"Pempho langa n'laling'ono," anamaliza motero mayiwo. "Tsekani enawo, koma yangayi muisiye. Kapena chitani ngati a positi. Munthu akasamuka, kalata amaitumiza kumene wapita."

"Ndikanatha, ndikanachita lero lomwe," anayankha a Makiyi. "Koma taonani. Kupositi kalata imayamba yafika kaye pa positi yakale, ndiye wina n'kuilondolera kwina. Apa chimene chikuchotsedwa si bokosi lanu ayi. Ndi positi yonse, pamodzi ndi msewu wopita kumeneko. Kalata ya mwana wanu sidzafika n'komwe m'chipinda muno kuti ine ndiione."

"Akuchotsa ndani? Boma?"

"Boma lilibe mphamvu imeneyo, ngakhale kuti likulakalaka zitatero. Kuli bungwe kutali uko, la anthu ochokera m'maiko ambiri. Iwo ndiwo amasunga mndandanda umodzi wa mathero onse a ma adiresi a pa intaneti. Makina a padziko lonse akafuna njira amayamba afunsa kumeneko kuti, zilembo zakutizakuti zimakhala kuti? Ndiye amauzidwa kuti, pitani kwa mkulu wa juzi uja. Lamulo lawo n'lakuti zilembo ziwiri zimatsata dzina la dziko. Dzina likafa, amapereka nthawi yoti anthu asamuke, kenaka amafufuta mzere wa zilembozo."

"Mzere umodzi?"

"Umodzi basi."

A Makiyi anawathirira tiyi m'kapu yothyoka chogwirira. Kenaka, ngati munthu amene wakhala nthawi yaitali wopanda womumvera, anayamba kusimba za iwo eni. Ntchitoyi anaiyamba ali mnyamata, ndi kompyuta imodzi yokha pansi pa tebulo lomwelo. Magetsi akazima ankathamanga ndi chigubu cha petulo kukadzutsa jenereta, kuti dziko lisazimirike pa intaneti. Ukwati wa mng'ono wawo anaujomba chifukwa cha makinawo.

"Akazi anga amati ndili pamitala, ndipo wamkulu ndi uyu wa m'galasiyu." Anaseka pang'ono, akuyang'ana timagetsi tija.

"Mwezi wamawa kuli msonkhano wa bungwe lija," anapitiriza. "Aliyense amaloledwa kulankhulapo, ngakhale ali kuno, kudzera pa kompyuta. Ine ndalankhula mpaka mawu anga anawatopetsa. Inu sanakumvenipo. Sindikukulonjezani kanthu, mayi. Koma mukafuna, mudzabwere, ndidzakumasulirani."

Namwino atamva anapukusa mutu. "Mukufuna mukadzionetse kwa anthu a dziko lonse mukulira? Ine sindipita nawo." Koma tsikulo litafika, msonkhano utangoyamba, anatulukira pakhomo la ofesi ija ali mu yunifolomu, akupuma wefuwefu chifukwa cha masitepe, naima chotsamira khoma.

Mayi a Zipi anali atavala diresi lawo labuluu lopitira kumaukwati. Pagalasi la kompyuta panali timabokosi tambirimbiri, kalikonse kali ndi nkhope. Wina kwawo kunali kukungocha kumene, akuyasamula ndi kapu m'manja. Wina mphaka ankangomudutsa kumaso. Mayiwo anadabwa. Ankayembekezera anthu a mikanjo ngati oweruza milandu, koma awa anali anthu wamba, ena ovala malaya osasita.

Analankhula ambiri. Loya wa boma latsopano anati zilembozo zichotsedwe msanga, chifukwa zikukumbutsa anthu za magawano. Mayi wina wosunga mabuku anati zolemba zambiri za ophunzira zimaloza ku ma adiresi akalewo, ndipo akatsekedwa zidzakhala ngati zikwangwani zoloza kutchire. A Makiyi ankawanong'oneza Mayi a Zipi zonsezi kukhutu. Kenaka anawakodola.

"Ndi nthawi yanu. Muziyang'ana kadiso aka."

Mawu onse amene anakonza m'njira anabalalika. Anapukuta manja pa diresi, nayamba.

"Ine ndimasoka zipi. Za makina anuwa sindizidziwa. Mwana wanga ndinamuthawitsa ndine, ndi manja angawa, kuti asaphedwe. Nyumba imene anaisiya anaigwetsa. Msewu anausintha dzina. Nambala anasintha. Chimene akudziwa ndi zilembo ziwirizi. Anandiuza kuti ndisasinthe adiresi, ndipo ine sindinasinthe. Mukusintha ndinu. Sindikupempha kuti dziko lakale libwerere ayi, limenelo linatidyera ana ambiri. Ndikungopempha kuti khomo limodzi likhale lotsegula."

A Makiyi anamasulira. Uja wa kapu anaika kapu pansi.

Wapampando anali mayi wa imvi. Anavula magalasi, nalankhula pang'onopang'ono kuti womasulira asatsalire.

"Akuti akumvani," anatero a Makiyi. "Akuti nawonso ndi kholo, ndipo sakufuna kukunamizani. Iwo sasankha kuti dziko ndi liti, lomwe si dziko ndi liti. Amangotsata maina amene maiko anagwirizana. Akayamba kusunga zilembo za maiko amene kulibe, mawa aliyense wokangana ndi mnzake za malire adzathamangira kwa iwo, ndipo mndandanda umene anthu onse amaukhulupirira udzasanduka bwalo la ndewu. Ukagawika, akuti, palibe kalata ya munthu aliyense imene idzadziwe njira."

Mayi a Zipi anagwedeza mutu. Anamva ndithu, ndipo chimene chinawapweteka kwambiri n'chakuti mayi wa imviyo sanali munthu woipa. Akanakhala wamwano, bwenzi atapeza womukalipira.

"Nanga zilembo zathuzo adzazitaya kuti?" anafunsa.

A Makiyi anafunsa. Anayankha ndi bambo wina wa m'kabokosi ka pakona. A Makiyi anazengereza asanamasulire.

"Akuti zidzasungidwa osagwiritsidwa ntchito kwa zaka zambiri. Pambuyo pake mwina zidzaperekedwa kwa dziko lina, likadzabadwa la dzina loyenerana nazo."

"Ndiye kuti tsiku lina mwana wanga adzagogoda, n'kumutsegulira alendo?"

Zimenezo a Makiyi sanamasulire. Nthawi inali itatha, ndipo kabokosi kena kanali katayamba kale kulankhula.

Patapita milungu ingapo yankho linabwera. Bungwe lija linawonjezera nthawi, zaka zina pang'ono, koma linanenetsa kuti kuwonjezera kwina sikudzakhalaponso. Mayi a Zipi anafika kunyumba nkhope ili ngwee, atanyamula jumbo ya malalanje.

"Waona? Anandimva. Pofika nthawi imeneyo adzakhala atalemba."

Namwino anali kutsuka mbale. Anaika mbale pansi mwamphamvu.

"Angotalikitsa maliro, amayi."

"Ukuti chiyani?"

"Munthu wamoyo masiku ano sasowa. Dzina langa lili poyera pa intaneti, chipatala chathu chili pomwepo, chithunzi changa chili pomwepo. Mawaya, amene ankadzutsa mafoni akufa, angalephere kundipeza ine zaka zonsezi?"

"Mwina ali m'ndende. Mwina mutu unasokonezeka. Mwina..."

"Mwina, mwina! Inu mumatsegula foni m'mawa n'kutseka. Ine ndakhala ndikufufuza. Nthawi yopuma kuntchito anzanga akudya, ine ndili pa kompyuta kuyang'ana zithunzi za anthu amene nyanja inawalavula. Nkhope ndi nkhope, amayi. Jekete ndi jekete. Ndaona zinthu zimene sindidzakuuzani mpaka kufa. Mumayesa ndi mwana wanu nokha? Inenso ndi mlongo wanga. Ndinamubereka kumsana ine!"

Mayiwo anagwira m'mphepete mwa tebulo. "Unamupeza?"

"Ayi."

"Ndiye usamuike m'manda ndi pakamwa."

Malalanje aja anakhala patebulo mpaka anafota.

Zaka zowonjezera zija zinatha mosadziwika bwino. Maso a mayiwo anayamba kuchita chifunga, moti Namwino asanapite kuntchito ankawalowetsera ulusi m'masingano angapo, wakuda, woyera, wofiira, n'kuwabaya pa kansalu kuti awakwanire tsiku lonse. Za mkangano uja sanazitchulenso. Makalata a magalimoto aja nawonso anayamba kuchepa. Wosoka nsapato anati ngakhale akuba asamukira kuzilembo zatsopano.

Tsiku lotseka litafika, Mayi a Zipi anakweranso masitepe aja. Makabati ambiri anali atachotsedwa, pansi patangotsala zipsera za dzimbiri pamene ankaima. A Makiyi anali ataonda, juzi ija ikuoneka ngati yobwereka.

"Ndimadziwa kuti mubwera," anatero. "Ndawiritsa madzi a anthu awiri."

"Ndiye muzimitsa ndinu?"

"Ayi, ine ndilibe chozimitsa. Achita okha kumeneko. Ife tingodikira."

Anadikira. Mayiwo anaika foni pamiyendo, akumaikhudza pafupipafupi kuti isagone. Nkhani zitatha, a Makiyi anatulutsa chikwama chawo cha m'manja chimene zipi yake inafa kalekale, ndipo ankachimanga ndi lamba wa mphira. Mayi a Zipi anapisa m'thumba, natenga kapulayala, nayamba kuikonza mongopapasa, osathamanga, pofuna kuti ntchitoyo isathe msanga.

Dzuwa litapendeka, a Makiyi analemba mawu pang'ono pa kompyuta, nayang'anitsitsa, nalembanso kachiwiri.

"Basi," anatero. "Mzere uja palibe."

Mayiwo anatembenukira kuchitseko chagalasi. Timagetsi tinali kuphethirabe, makabati otsalawo akulira ngati poyamba.

"Nanga bwanji akulirabe?"

"Sanauzidwe. Makina ena kunjaku akumbukirabe njira lero ndi mawa, kenaka aiwala. Awa azingodikira kuti wina afunse." Anamasula makiyi palamba nawaika patebulo, kenaka anasowa koika manja. "Ndichedwako pang'ono kuwazimitsa. Palibe amene andifunse."

Mayi a Zipi anatsegula foni komaliza. Munalibe kanthu. Anatsazika, ndipo bamboyo anawaperekeza masitepe onse mpaka pageti. Anagwirana chanza nthawi yaitali. Sanaonanenso.

Patapita masiku angapo, tsiku limene Namwino sanapite kuntchito, mayi ake anamuitana pabalaza.

"Tandilembera kalata pa adiresi yakale ija. Ndikufuna ndione chimene iye adzaone."

"Amayi, musadzizunze."

"Lemba."

Namwino analemba liwu limodzi lokha, moni, natumiza. Asanaike n'komwe foni pansi, inalira.

"Werenga."

"Akuti uthenga wanu sunaperekedwe. Malo amene mwatumizako kulibe."

"Basi? Sakunena kuti tinasamuka? Sakunena kuti tili moyo?"

"Ayi, amayi."

"Adzayesa kuti ndinatopa naye."

Apo m'pamene mayiwo analira. Sikunali kulira kwa misozi yokha ayi, kunali kubuula kochokera pansi pamimba, kumene Namwino ankakumva m'makonde a chipatala koma anali asanakumvepo m'nyumba mwake. Namwino anagwada pansi nawakumbatira m'chiuno.

"Sangaganize zimenezo," anatero, nkhope ataibisa pa epuloni yawo. "Amakudziwani. Amadziwa kuti ndinu ouma mutu kuposa ine."

Mayi a Zipi anagona masiku angapo osapita kukhonde. Namwino ankawabweretsera chakudya, n'kuchibweza chitangolawidwa. Atadzuka, anasamba, navala, namuuza mwana wawo kuti awaperekeze. Kasitomala wina anali atawauzapo za ofesi ya bungwe lofufuza anthu osowa, kumene achibale amakapereka malovu kuti akayerekezedwe ndi a mitembo yosadziwika imene inaikidwa m'maiko a m'mbali mwa nyanja.

Kuofesiko anapeza mabenchi odzaza amayi ngati iwo, ena ndi zithunzi m'manja. Nthawi yawo itakwana, mayi wina wovala magolovesi anawapaka kathonje m'kati mwa tsaya, nakatsekera m'kabotolo. Anawauza mosabisa kuti ambiri sayankhidwa, ndipo zinaterodi: yankho silinabwere chaka chimenecho ngakhale chotsatira. Atawafunsa kumene angawapeze kukakhala nkhani, Mayi a Zipi analoza Namwino ndi chibwano.

"Lembani za uyu."

Pobwerera anakhala mpando wa kumbuyo kwa basi, wothinana, mawondo akugunda mpando wa kutsogolo. Mayiwo ankayang'ana pazenera. Basi itadutsa pa mlatho, analankhula mwadzidzidzi.

"Ankaopa madzi, mwana uja. Ukukumbuka? Pomusambitsa ankakuwa ngati tikumusenda."

Namwino anatembenuka. Aka kanali koyamba kuwamva mayi ake akunena za Mawaya ngati munthu amene anapita.

"Ankabisala kuseri kwa chitseko," anatero, "mapazi akuonekera pansi."

"Ukamuitana, n'kumayankha yekha kuti, kulibe, wapita kusukulu."

Anaseka, misozi ili chuchuchu. Anakumbutsana za tsiku limene anameta mphaka wa aneba ndi lumo la malemu bambo ake, za dzino limene anathyola potsegula botolo, za mtsikana wa m'sitolo ya buledi amene ankamuopa kumulankhula, moti pakhomo pankadzaza buledi wopanda womudya. Mayi wina wa mpando wa kutsogolo anatembenuka kuwayang'ana, kenaka anawapatsa kansalu kopukutira m'maso osafunsa kanthu.

Siteji yawo anaidutsa osazindikira. Anadzidzimuka kondakitala akumenya chitseko kuti basi yafika pothera, onse atsike. Namwino anafuna kuti adikire ina yobwerera, koma mayi ake anakana.

"Tiyende. Sindinamalize."

Mayiwo anamugwira Namwino pamkono chifukwa cha maso aja, nayamba kubwerera pang'onopang'ono m'mbali mwa msewu, akusimbabe.